Zikomo Amalume, munandiphunzitsa kuphika dzimbiri

Amalume,

Ndikudziwa kuti kalatayi simuiwerenga ndi maso anu, poti maso aja anayamba kuchita nkhungu. Ndapempha mdzukulu wanu kuti akuwerengereni madzulo mutakhala pakhonde, ndipo ndamuuza kuti asathamange. Pomwe mukufuna kundikonza, aime kaye mundikonze. Ndaiika poyera kuti aliyense aiwerenge chifukwa zikomo wonong'onezana kuseri kwa nkhokwe sangakwane pa zimene munandichitira. Chinanso n'chakuti anthu amene amadutsa pa Nsipe pa basi, maso ali pa tomato ndi kabichi wa m'mbali mwa msewu, sadziwa kuti chapafupi pomwepo pamakhala mmisiri wodziwa ntchito imene ine, m'zaka zonse ndakhala ndikugwira zitsulo, sindinakumanepo ndi wina woidziwa.

Wandikumbutsa kulemba ndi mayi wina wosoka zovala. Mwezi watha anabwera ku shopu kwanga kuno ku Balaka ndi makina a Singer amene anamusiyira malemu amayi ake. Makinawo anakhala zaka m'nyumba yodontha, moti masikuluwu ndi tizitsulo tina takunja tinali titafiira ngati katondo. Iye ankafuna ndingopala n'kupaka penti. Ndinamupempha sabata imodzi. Atabwera kudzatenga anapeza tizitsulo tija tili bii, tikunyezimira ngati nthenga za khwangwala. Anakanda ndi chikhadabo, osachoka, ndipo anandifunsa komwe ndinagula penti wolimba chotero. Ine n'kumuyankha kuti, "Amayi, si penti uyu. Ndi dzimbiri lomwe lija, tangoliphika." Mawuwo atangotuluka ndinadzidzimuka, chifukwa sanali anga. Anali anu, ndi kamvekedwe komwe.

Mukukumbukira mmene ndinafikira pakhomo panu mu 1996, bambo atangomwalira, sukulu itaimira pa Fomu 2 chifukwa cha fizi. Monga mwini mbumba munanditenga osachita kuitanitsa bwalo. Munalibe ndalama zondibwezera kusukulu, ndipo simunandinamize kuti zipezeka. Munangoloza chipala chanu kuseri kwa nyumba, pansi pa mango, n'kunena kuti, "Sukulu imene ndili nayo ndi iyi." Chaka chonse choyamba ntchito yanga inali kukupiza mvukuto, kusankha makala ndi kugwira tupa. Inu munkasula makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa, ine ndikuyang'ana. Nthawi zina mtima unkandiwawa poona anzanga atavala yunifolomu akupita kusukulu belu la ku mishoni likulira, ine manja ali bii ndi makala. Simunandinyengerere, komanso simunandidzudzule. Munkangondipatsa chitsulo china choti ndipale.

Mfuti yanu ndinaiona nditatha miyezi ingapo. Inali chifefe cha mpope umodzi, cha mtundu wa Greener, chokulungidwa m'chiguduli choyera ndi kutsekeredwa m'bokosi kuchipinda kwanu. Chiphaso chake munkachisunga m'kachitini pamodzi ndi makadi a kutchalitchi, ndipo chaka ndi chaka munkakwera njinga kupita ku boma kukachikonzetsa monga lamulo la mfuti la 1967 limafunira. Ntchito yake inali imodzi yokha, kuopseza anyani ndi nguluwe m'munda wa kuphiri chimanga chikayamba kukhwima. Chimene chinandigwira mtima si kulira kwake ayi, koma mtundu wake. Zitsulo zonse za pamudzi zinali zofiira ndi dzimbiri kapena zotuwa ndi kupala, koma mpope uja unali wakuda mozama, ndipo ukauika padzuwa mkati mwa kudako munkaoneka kubiriwira ngati phiko la namzeze. Ndinafunsa funso lomwe lija la mayi wa makina. Munaseka n'kunena kuti ndidikire mvula.

Podikira mvulayo ndi pamene munandisimbira za ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Munapitako pa selefu mu 1963, chaka chimene Chitaganya chinatha, pamene anzanu ambiri ankalembetsa Wenela kupita ku migodi ya ku Joni. Munayamba ndi kusesa m'sitolo ya mzungu wina wogulitsa ndi kukonza mfuti za alenje, kenako anakulowetsani m'chipinda chakumbuyo kumene ankapala ndi kudetsa zitsulo. Iwo ntchitoyo ankaitchula kuti bluing. Munandionetsa chipsera cha pamkono panu, chimene chinabwera ndi dontho limodzi la madzi a m'thanki yawo. M'thankimo munkawira soda waukali uja wopangira sopo, wosakaniza ndi michere ina, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 140, kuposa mmene madzi wamba amawirira. Chitsulo chikamizidwamo, pasanathe ola chinkatuluka chakuda. Imeneyo inali njira yachangu, ndipo ndi imene mafakitale ambiri amatsata mpaka lero.

Koma panali mfuti zina zimene sizinkayenera kulowa m'thankiyo. Zifefe zakale za mipope iwiri, mipope yake anailumikiza ndi mtovu womatira, wonga umene okhoma ndowa amamatira nawo, ndipo soda wowira amadya mtovuwo mpaka zolumikizira zimamasuka. Zoterozo zinkafuna njira yakale, yochedwa, yotenga sabata kapena kuposerapo: kuchititsa chitsulo dzimbiri mwadala, kuliwiritsa, kulipukuta, n'kuyambiranso. Munati mwini sitolo ndi ana ake ankaiona ntchitoyi ngati yotopetsa, ndiye ankakusiyirani inu. Amalume, nkhani imeneyi ndimaiganizira kawirikawiri. Anakupatsani chimene iwo ankachiyesa makoko, osadziwa kuti akukupatsani mtima weniweni wa umisiriwo. Thanki ya soda simukanainyamula pobwerera kumudzi mu 1976 nkhondo ya kumeneko itakula. Koma njira yochedwa ija inakwana m'mutu ndi m'manja, ndipo zofunika zake zonse zinali kale pa Nsipe: phulusa, mchere, mvula, nkhuni ndi kudekha.

Januwale wa 1998 atafika, mitambo itatsamira pa mapiri a kumadzulo ndipo zovala zikukana kuuma pa chingwe, munati nyengo yakwana. Simunandipatse mfuti. Munandipatsa chidutswa cha paipi chotalika ngati mkono ndi mipeni itatu imene tinasula. Masiku awiri oyamba anathera pa kupala, kuyamba ndi tupa, kenako sandipepala wokhakhala, kenako wosalala, nthawi zonse motsata utali wa chitsulo, osati mopingasa. Ndikanena kuti ndamaliza, munkayendetsa chala chachikulu pamwamba pake maso mutatsinzina, n'kundibwezera. Munati kuda kumene tikufunako sikubisa kanthu. Penti amakwirira mabala, koma dzimbiri lophika limaulula chikanda chilichonse chimene mmisiri anasiya chifukwa cha ulesi.

Kenako kunabwera kuchotsa mafuta, ndipo apa ndi pamene azakhali analowerera. Munawapempha chidulo, chomwe chija amatcheza ku phulusa pophika therere. Iwo anadabwa kuti chidulo cha ndiwo chikukatani kuchipala. Tinawiritsa zitsulozo m'madzi a chidulo mpaka mafuta onse atachoka, n'kuzitsukuluza ndi madzi otentha. Munandionetsa mayeso ake: kuthira madzi pachitsulo n'kuona ngati akuyala paliponse mofanana. Akachita timadontho tothawana, ndiye kuti mafuta akadalipo, bwerezanso. Kuyambira pamenepo chitsulo sichigwiridwanso ndi dzanja. Tinachipachika pa waya, ndipo paipi ija tinaitseka mbali zonse ziwiri ndi zitsekero zamtengo zimene zinalinso zogwirira, monga muchitira ndi mpope wa mfuti kuti dzimbiri lisalowe mkati.

Madzi ochititsa dzimbiri munali nawo anuanu. Ku Salisbury ankagwiritsa ntchito asidi wogula, koma inu munapeza kuti mchere pang'ono ndi viniga zimagwira ntchitoyo, ngakhale mochedwerapo. Tinkanyowetsa kansalu, kukafinya mpaka kutsala pang'ono kuuma, n'kupaka ulendo umodzi kuchokera kumutu mpaka kumchira osabwereranso m'mbuyo. Zitsulozo tinkazipachika m'bokosi la matabwa momwe pansi pake munali chiguduli chonyowa, n'kutseka. Usiku woyamba ndinadzuka kawiri kukasuzumira ndi nyali. M'mawa paipi yonse inali itavala dzimbiri lofiira, losalala ngati ufa wa mawere. Mtima unandigwa. Masiku awiri a thukuta langa anali atabwerera pomwe ndinayambira, ndipo ndinaona ngati mukundilanga.

Munali mutadula mgolo motalika n'kupanga chomwera chonga cha ng'ombe, ndipo munachiteleka pa mafuwa. Madzi ake anali a mvula okhaokha. A pa mjigo munawakana chifukwa ali ndi michere imene imasiya mawanga. Madziwo atawira tinamiza zitsulo zija. Amalume, ndakalamba nanenso tsopano, imvi zayamba, koma zimene ndinaona m'mawa umenewo sizinazilale. Dzimbiri lofiira lija linayamba kusanduka, kuchoka pa kufiira kupita pa kuderako, mpaka patatha mphindi ngati makumi awiri paipi yonse inali bii ngati mwaye wa kukhitchini. Itauma munandipatsa waya wosalala wotsukira mapoto, amene tinali titamuchotsanso mafuta, kuti ndipukute mopepuka. Mwaye wapamwamba unayoyoka, ndipo pansi pake panatsala kamtundu kotuwa kogwira zolimba pachitsulo. "Malaya oyamba amenewo," munatero. "Atsala asanu ndi awiri."

Tsiku ndi tsiku tinkachita chimodzimodzi: kupaka, kudikira, kuwiritsa, kupukuta. Mtundu unkazama pang'onopang'ono. Munandiphunzitsa kuwerenga dzimbiri monga mlimi awerengera mitambo. Likachedwa m'bokosi limayamba kukumba timaenje m'chitsulo. Likachotsedwa msanga, malaya amakhala opyapyala. Tsiku lotentha la chinyezi maola ochepa amakwanira, tsiku lozizira limafuna usiku wonse. Wotchi simunkaikhulupirira. Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine mwambiwo ndinaumvetsa nditagwada patsogolo pa bokosi lija.

Tsiku lachisanu ndinalakwitsa. Azakhali anatibweretsera zitumbuwa, ndinadya, ndipo pokapachika paipi waya unaterera, ine n'kuigwira ndi dzanja kuti isagwe. Ndinapukuta msangamsanga ndi malaya, osakuuzani. M'mawa titawiritsa, pakati pa chitsulo chakuda bii panaoneka chala changa chachikulu, mizere yake yonse ili mbee, ngati chidindo cha pa chikalata cha ku khoti. Munachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza mawu olasa, koma munangofunsa kuti, "Unadziwa dzulo?" Ndinavomera. Munati kugwira sikulakwa, dzanja limathamangira chinthu chikamagwa; kulakwa n'kukhala chete, chifukwa ndikananena dzulo tikanatsuka n'kupitirira, koma tsopano tiyenera kupala zonse n'kuyambira pachiyambi. Tinayambiradi, ndipo munakhala nane masiku onsewo ngakhale panali makasu a anthu odikira. Ndili ndi anyamata atatu amene ndikuwaphunzitsa kuwotcherera pa shopu panga, ndipo wina akaononga ntchito, funso limene limayamba kutuluka pakamwa panga ndi lomwelo.

Pomaliza tinamiza zitsulozo m'mafuta n'kuzisiya tsiku lathunthu ndi usiku. Munandichenjeza kuti ndisadzanamize munthu kuti chitsulo chotere sichichitanso dzimbiri. Malaya akudawo ndi opyapyala kwambiri kuposa tsitsi, ndipo mphamvu yawo ili pa kusunga mafuta m'timabowo tawo. Ukachisiya pamvula osachipukuta, chifiiranso. Umisiri umenewu umafuna mwini chinthu amene amachikonda.

Patapita zaka, ndikukonzekera mayeso a ntchito zamanja, ndinapeza m'buku dzina la zimene tinkachita. Dzimbiri lofiira ndi chitsulo chogwirizana ndi mpweya wa okosijeni pamodzi ndi madzi. Ndi lofufuma, limasweka n'kulola chinyezi kulowa mkati, n'chifukwa chake khasu losiyidwa panja limadyeka mpaka kubooka. Likawiritsidwa limasanduka mtundu wina wotchedwa magnetite, wakuda, wothithikana, womata pachitsulo. Ndinawerenganso kuti mchenga wakuda umene umatsalira m'makhwawa mvula ikakokolola, uja tinkautola ndi maginito a m'sipika ya wailesi tili ana, nthawi zambiri ndi magnetite yemweyo. Nditakuuzani munangogwedeza mutu n'kunena kuti dzina ndi labwino kulidziwa, koma kodi bukulo lanena kuti chiguduli chinyowe motani mwezi wa Juni? Silinanene.

Buku lomwelo linatsimikiza chinthu china chimene munandiphunzitsa ndi maso okha. Tikamaliza kulimbitsa mpeni pouzimitsa m'mafuta, munkaupala pang'ono n'kuutenthetsanso mofatsa pamwamba pa makala, tikuyang'ana mitundu ikuyenda pachitsulo. Kumayamba mtundu wa udzu wouma, kenako wa uchi, kenako wofiirira ngati wa nthudza yakupsa, kenako kubiriwira. Mpeni munkauimitsa pa udzu wouma, chikwanje ndi nkhwangwa munkazilola zipitirire kuti zisamagumuke pamtengo wolimba. Bukulo linati mtundu wa udzu umabwera pa madigiri oposa 200 pang'ono, kubiriwira pafupi ndi 300. Inu munalibe chopimira kutentha, koma simunaphonyepo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikukuthokozerani koposa, ngakhale pa nthawiyo sindinachione ngati mphatso. Ife a ku Ntcheu tinakhala moyandikana ndi nkhondo. Kumtunda kuja, cha ku Lizulu, msewu waukulu ndiwo malire. Ukaoloka phula uli ku Angonia m'dziko la Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, abale athu a kutsidyako anadzaza midzi ya Ntcheu ndi Dedza, ndipo m'dziko lonse othawa nkhondo anafika pa miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo, koma mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Zina zinakwiriridwa pansi, zina zinadutsa malire m'matumba a chimanga. Mfuti yokwiriridwa imatuluka ili ndi dzimbiri, ndipo mbiri yoti pa Nsipe pali mkulu wodziwa kuyeretsa chitsulo inali itamveka.

Usiku wina galu anauwa, ndipo pakhomo panaima anthu awiri osadziwika ndi thumba lalitali. Ndinali m'gowelo, ndinamva zonse. Anayamba ndi ulemu, anatchula ndalama zimene sitikanazipeza ngakhale titasula makasu chaka chonse. Ankafuna muchotse dzimbiri, mupale pamene pali nambala, n'kudetsanso kuti pasaoneke. Simunafune n'kuona komwe zimene zinali m'thumbamo. Munati, "Ine ndimasula makasu. Chimene mwanyamulacho kwawo n'ku polisi, ndipo mukafuna ndikuperekezani kukacha." Anachoka akung'ung'udza. Chaka chimenecho m'nkhokwe munali mutapepuka, ndipo m'mawa ndinakufunsani mokwiya pang'ono kuti bwanji simunangopukuta kunja kokha, poti sife tikanakaombera munthu. Munatulutsa Greener yanu n'kundionetsa nambala yake, ndi tizizindikiro ting'onoting'ono tosindikizidwa pampope pafupi ndi polowera chipolopolo. Munati zimenezo zinaikidwa ku Birmingham, kumene kuli nyumba yoyesera mipope ya mfuti kuyambira 1813, ndipo ndi umboni wakuti mpopewo unayesedwa kuti suphulika m'manja mwa mwini wake. Ku Salisbury, munatero, lamulo loyamba popala linali lakuti tupa lisakhudze nambala ndi zizindikirozo. "Nambala ndi dzina la mfuti. Wofuna kufufuta dzina ali ndi chimene akufuna kuchita mumdima, ndipo wamupalira ali naye limodzi mumdimamo."

Chimodzimodzi ankabwera ena, anthu odziwika a m'midzi yapafupi, kupempha muwasulire gogodela wokasakira nyama. Munkadziwa mmene imapangidwira, poti agogo anu anali nayo, koma munakana onse ndipo ine simunandionetse n'komwe. Munkanena za mlenje wina wa kale amene paipi inamuphulikira n'kumudula zala. Pa zonse zimene munali nazo m'mutu, munasankha zondipatsa ndi zondimana. Ndili mnyamata ndinkaona ngati ndi kuumira. Lero ndikamva pa wailesi za achifwamba ogwidwa ndi mfuti zosula kumudzi, ndimadziwa kuti munanditsekera khomo la kundende, mwinanso la kumanda, ine ndisanalione n'komwe.

Mfuti ndi ife Angoni a kwa Gomani tinadziwana kalekale, ndipo munkakonda kundikumbutsa zimenezi tikamapuma pansi pa mango. Amene anatsogolera a Maseko pobwerera kuchokera ku Songea kudzakhazikika ku Domwe anali Chidyaonga, dzina lonunkha onga lenilenilo. Makolo athu anali anthu a nthungo, chishango ndi chibonga, koma anakhala m'nthawi imene mfuti za gogodela zinkalowa kuchokera kunyanja yamchere posinthana ndi minyanga ndi anthu. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1896, Inkosi Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda. Munkasimba zimenezi popanda kukweza mawu. Kenako munkawonjezera kuti kusula n'kwakale kuposa zonsezi, kuti Achewa ndi Amang'anja ankayenga chitsulo m'ng'anjo Angoni asanafike, ndipo David Livingstone atayenda m'dera la Shire mu 1859 anapeza makasu ndi mikondo yosulidwa konkuno. Munkafuna ndidziwe kuti chipala chathu chinabadwira khasu, mfuti inachipeza.

N'chifukwa chake nkhope yanu inawala tsiku limene ndinakuuzani za Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican ku Mozambique, amene mu 1995 anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfuti zosonkhanitsidwazo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo ankaziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha, umene anaupanga mmisiri wotchedwa Kester mu 2001, uli ku British Museum ku London. Munati mukadakhala pafupi mukadapempha zidutswa zingapo, chifukwa chitsulo chake n'chabwino ndipo pakanatuluka sompho wokhalitsa.

Ine sindinakhale wokonza mfuti, ndipo sindidandaula. Ndimawotcherera mawindo, zitseko, ngolo ndi mafelemu a njinga. Koma chaka chilichonse mvula ikayamba ndimatulutsa bokosi langa ndi mgolo wodula, ndipo ndimaphika dzimbiri pa mipeni, mahinjesi, zipangizo za akalipentala, mbali za sikelo ndi makina osokera. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi masiku amene zimadya. Anzanga a pamsika amandifunsa chifukwa chimene ndimadzivutitsira pamene chitini cha penti wopopera chikupezeka pa sitolo iliyonse. Zimandiwawa kuona mmene tazolowerera kupaka penti pamwamba pa dzimbiri. Geti limanyezimira pa tsiku loperekedwa, mvula ziwiri zikadutsa penti akufufuma, pansi pake chitsulo chadyeka, mwini wake n'kumati amisiri a ku Malawi ndi choncho. Si onse. Ndinaleredwa ndi mmodzi amene ankabweza ntchito yake yomwe kasanu munthu wina asanaione. Ndikanakonda masukulu a ntchito zamanja atatumiza aphunzitsi awo kumidzi kukakhala pansi ndi akuluakulu onga inu, kope lili m'manja, akadali moyo. Pali zinthu zimene zimakhala m'chala chachikulu cha munthu, ndipo chalacho chikapita kumanda zimapita nacho.

Mfuti yeniyeni munandilola kuidetsa kamodzi kokha. Munali mutasiya kulima munda wa kuphiri, miyendo itayamba kukana, ndipo munaganiza zokapereka Greener ija ku polisi. Munati pakhomo pali zidzukulu zambiri ndipo inu simungathenso kuilondera monga kale. Chinthu chotere sichiyenera kudikira maliro kuti anthu adzakanganirane. Koma munakana kuipereka ili yotuwa m'malo mogwira manja. Munandiitanitsa ku Balaka, munaimasula nokha, ndipo masiku asanu ndi anayi ndinagwira ntchitoyo inu mutakhala pa mpando wa ndalema mukundiyang'anira. Pozungulira nambala ndinapala ndi mpweya uli m'khosi. Tsiku lomaliza, nditapukuta mafuta, munatenga mpopewo n'kuyendetsa chala kuchokera kumutu mpaka kumchira, maso mutatsinzina monga kale. Simunandibwezere. Tinakwera minibasi limodzi kupita ku boma, mfuti ili m'chiguduli chake, chiphaso chili m'thumba la jekete lanu. Wapolisi amene anatilandira anaitembenuza kangapo n'kufunsa ngati ndi yatsopano. Munamuuza kuti ndi yakale kuposa iyeyo, ndipo kuti waiveka ndi muphwa wanu uyu. Pobwerera simunayankhule mpaka tinatsika pa Nsipe, ndipo nanenso mawu ndinalibe. Zikomo amene ndinayenera kunena tsiku limenelo ndi ameneyu.

Zikomo chifukwa cha nsima ya zaka zisanu imene simunaiwerengere. Zikomo chifukwa cha tupa lija munandipatsa pochoka, lilipobe ngakhale mano anatha. Azakhali muwauze kuti chidulo ndimatcheza ndekha tsopano, koma sichifika pa chawo.

Ndibwera Khirisimasi isanafike. Ndasula mpeni kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndaupala mpaka pomwe ine ndikuona kuti wakwana, ndipo ndikufuna mudzauyese ndi chala tisanauveke. Ndidzabwera ndi mmodzi wa anyamata anga, wamng'ono uja wa manja odekha, kuti adzakupize moto ndi kumva nkhani ya ku Salisbury kuchokera pakamwa panu. Mdzukulu amene akuwerengayu atsuke mgolo uja uli kuseri kwa khitchini, autchere pansi pa malata. Mvula yoyamba aisiye ipite, itsuke fumbi la padenga. Atunge yachiwiri.

Ine muphwa wanu,
wa ku Balaka